Nankafumbwe Amene Ndinamulowetsa M'buku la Amonke

Ndine ndinayambitsa. Ndinene poyambirira pomwe kuti wina asavutike n'kufufuza: mabowo atatu aja ndinaboola ndine, ndipo mpaka lero sindinaonepo mabowo okongola kuposa amenewo. Amami amati ndikamakamba nkhaniyi ndizigwetsako nkhope. Ndayesapo pagalasi, nkhope yanga ikukana.

Inali nthawi ya recession, chuma chitagwa, Dublin yense akuoneka ngati wangochokera kumaliro. Kuseri kwa fulati yathu ku Blanchardstown kunali nyumba zomangidwa theka, zopanda mawindo, udzu utayamba kumera pa milu ya mchenga. Mashopu ankatseka limodzilimodzi. Kutchalitchi sipankapita nthawi osatsanzikana ndi banja lina, awa a ku Australia, awa akubwerera ku Lusaka, awa ku Lilongwe. Amami anali nesi kuchipatala cha Beaumont, malipiro atawadulira, ntchito atawawonjezera. Adadi ankajambula mabuku akale m'chipinda chapansi pa laibulale ina m'tauni, ndipo kontrakiti yawo inali pafupi kutha. Anali atanena kale, tili pa tebulo, osakweza mawu, kuti ikapanda kuwonjezeredwa iwo abwerera ku Zomba.

"Sindingakhale kuno n'kumadyetsedwa ngati mwana," anatero.

Amami anangotola mbale, ina ine ndisanamalize kudyeramo, n'kukatsegula mpopi mwamphamvu.

Ntchito ya adadi inali yotere. Kalekale amonke a ku Ireland ankalemba mabuku pamanja, pa chikopa cha mwana wa ng'ombe. Kenako kunabwera nkhondo, kuthawa, umphawi ndi anthu a mipeni. Mabuku ena anawoloka nyanja m'zikwama za amonke othawa, ena anang'ambidwa masamba ake n'kusanduka zikuto za mabuku ena, ena anagulitsidwa tsamba limodzilimodzi kwa anthu olemera. Mapeto ake buku limodzi linkapezeka mutu uli ku Switzerland, mimba ku Italy, mchira ku Dublin. Zoti laibulale ina ingabweze chake, iwalani. Choncho anagwirizana kuti aliyense ajambule masamba amene akusunga, zithunzizo azilumikize pa kompyuta, buku likhalenso lathunthu pa sikirini ngakhale zikopa zake zili kutalikutali. Za ku Dublin ankajambula ndi adadi. Ku Zomba ankajambula mapepala akale, ndiye dzanja anali nalo kale, lofatsa, lotembenuza tsamba ngati akutembenuza khanda lili mtulo.

Ine ndinalowamo chifukwa cha sukulu. Kuno mukafika chaka chachinayi cha sekondale amakutumizani sabata imodzi kukaonera ntchito. Ndinayesa kugalaja, ndinayesa kumashopu, koma malo amene akuchotsa akuluakulu angalandire mwana? Komanso mbiri yanga inkanditsogolera. Ndine ndinathira mchere m'shuga wa tiyi wa amayi a kwaya. Ndine ndinatembenuza sikirini ya aphunzitsi a masamu kuti izioneka chadodolido, iwo n'kuphunzitsa theka la piriyodi khosi litapindika. Adadi anachita kukapempha abwana awo, mayi wina wamtali wa imvi amene ankayendetsa pulojekiti yonse. M'basi tsiku loyamba anandiyang'ana cham'mbali.

"Iwe, kumeneko manja m'thumba. Wamva?"

"Yes, dad."

"Ndati wamva?"

"Ndamva, adadi."

Chipindacho chinalibe windo. Munkazizira dala, poti chikopa chakale chimadana ndi kutentha, ndipo magetsi anali ofooka ngati a m'chipatala cha kumudzi. Pakati panali tebulo, kamera italendewera pamwamba pake. Anthu ankayankhula monong'ona, theka chifukwa cha ulemu wa mabukuwo, theka chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndalama za pulojekiti zikutha ndipo opereka ndalama sanalonjeze kanthu. Ine anandikhazika pa kompyuta ya pakona. Chithunzi chikachoka ku kamera ndinkadula m'mbali mwake mosafunika, n'kuona ngati sichinachite mbuu, n'kuchiponya m'folda momwe aliyense ankatengamo. Ntchito yoti ngakhale mphaka akanaigwira.

M'chipindamo munkabweranso ansembe ena okalamba, mzungu wa konkuno amene anakhala zaka zambiri ku Dedza. Anali atapuma, ankakhala m'nyumba ya ansembe okalamba ku Skerries, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera sitima kudzathandiza kuwerenga Chilatini popanda malipiro. Chichewa chawo chinali cha kumudzi kwenikweni, choposa changa.

"Iwe mnyamata, kwanu n'kuti?"

"Blanchardstown, Father."

"Ndati kwanu. Mchombo wako unakwiriridwa kuti?"

"Ku Zomba, Abambo."

"Eya, tsopano tayamba kumvana."

Ansembewa anali ndi tsamba lawo. Silinali lawo mwa umwini, koma ankalikonda ngati mwana wamasiye amene anamutola. Linali tsamba limodzi lokha, lofiirira ngati chikopa cha ng'oma, limene munthu wina kale analisandutsa chikuto cha buku lina. Iwo ankakhulupirira kuti linali tsamba lomaliza la buku lina la mapemphero losungidwa ku Switzerland. Kalembedwe kanali kofanana, inki yofanana, mizere yofanana, koma akatswiri ankawayankha kuti kufanana si ubale. Zaka zambiri anali akufuna umboni.

Tsiku loyamba lomwe anandikokera pa sikirini yawo. Anandionetsa masamba omaliza a buku la ku Switzerland. Pa lililonse panali timabowo titatu titakhala ngati mafuwa.

"Uyu ndi nankafumbwe wa mabuku," anatero. "Amayambira m'thabwa la chikuto n'kumadya molunjika, tsamba ndi tsamba. Sakhota, sadumpha. Tsamba langa likanakhala ndi mabowo atatuwa, palibe akanatsutsa. Koma lilibe. Mwina linachoka nankafumbwe asanafike."

Anausa moyo. Madzulo anandifotokozeranso zomwezo, n'kuusanso moyo. M'mawa mwake anayambiranso, ngati dzulo kunalibe. Apa m'pamene chinthu chija chothira mchere m'shuga, chimene chimakhala m'mimba mwanga, chinadzuka. Sindinafune kuvulaza munthu, ndisakunamizeni. Ndinangofuna kuona nkhalamba ikudumpha m'chipinda chimene munthu anali asanasekemo chiyambire.

Tsamba lawolo adadi anali atangolijambula kumene ndi kamera yatsopano, ndipo chithunzi chake chinali pamzere wanga. Masana onse atatuluka kukadya, ine ndinati ndilibe njala. Ndinatsegula chithunzi cha ku Switzerland, n'kutola mabowo atatu aja, n'kuwasamutsira pa tsamba la ku Dublin. Musaganize kuti ndinangodontheza madontho akuda ngati mwana wa sitandade wani. Ndinayeza kuchokera m'mphepete. Ndinadetsa milomo ya mabowowo pang'ono, monga amachitira nankafumbwe weniweni. Limodzi ndinalilola kuluma mchira wa chilembo china, kuti zioneke kuti kachilomboko sikadziwa kuwerenga. Kenako ndinatsegula chithunzi cha kumbuyo kwa tsambalo n'kuboolanso, motembenuza, chifukwa bowo lili ndi mbali ziwiri. Wina aliyense akanaiwala kumbuyo. Ine ayi.

Tsiku lotsatira ansembe anafika jasi litanyowa ndi mvula, n'kutsegula chithunzi chatsopano cha mwana wawo wamasiye. Ine ndinali pakona, diso limodzi pa ntchito. Iwo anavula mandala, n'kuwapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Anatenga chithunzi cha ku Switzerland n'kuchisanjika pamwamba pa cha ku Dublin. Mabowo anakhalana pamodzi, kwatikwati, ngati batani ndi bowo lake.

"Mayo ine," ananong'ona. Kenako mokweza: "Achimwene! Achimwene, tabwerani muone!"

Adadi anapita. Ansembe anali ataimirira, mpando utagwa kumbuyo kwawo. Kudumpha anadumphadi, zimene ndinkafuna ndinaziona, ndipo ndinachita kuluma mkono wa juzi kuti ndisaphulike. Koma kenako anayamba kulira, misozi yeniyeni ikutsikira m'ndevu.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikulipenya tsambali, osawaona. Maso angawa, achimwene. Maso angawa."

Palibe anakayika. Akanakayika bwanji? Pulojekiti yonse inkadzitama kuti kamera imaona zimene diso laphonya. Adadi nawo anali atajambula masamba ochuluka, sakanakumbukira timabowo ta tsamba limodzi.

Ndinkafuna kuulula nthawi yomweyo, zoona. Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Koma abwana aja anatsika masitepe akuthamanga, n'kuyang'ana pa sikirini, n'kukumbatira ansembe, n'kugwira adadi chanza ndi manja awiri. Dzuwa lisanalowe anali ataimbira anzawo a ku Switzerland, ataimbiranso opereka ndalama. Ichi ndicho chinthu chimene ankachisowa, umboni woti kujambula konseku kumabala kanthu.

M'basi pobwerera adadi ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinali nditaiwala kuti amatha kutero. Tinatsika sitopu imodzi isanafike yathu kuti agule nkhuku ndi tchipisi. Kunyumba anaika phukusilo pa tebulo n'kuuza amami kuti, "Mwina Zomba idikira kaye." Amami anaseka mpaka kugwira khoma, akadali mu yunifomu.

Ndiye inuyo mukanatani? Ine ndinadya ntchafu. Nthabwala ikamakoma suidula pakati, ndipo iyi inali itakoma kuposa zonse zimene ndinapangapo. Ndinadziuza kuti nankafumbwe wanga wagwira ntchito imene boma lalephera.

Tsiku langa lomaliza, a ku Switzerland anapempha chithunzi chimodzi chowonjezera. Ankafuna tsambalo ligonekedwe pa kathabwa kowala, kuwala kuchokere pansi, mabowowo aoneke ngati nyenyezi. Abwana anati ndi maganizo abwino, chithunzi chimenecho chikakhala patsogolo pa zonse. Munthu wa kosungira mabuku anabwera ndi kabokosi kaphwatalala, atakanyamula ndi manja awiri.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti tsambalo lilipo.

Musaseke. Sabata yonse ndinkaona zithunzi zokhazokha. Aliyense m'chipindamo ankaloza pa sikirini akamati "tsamba ili". Ndinaganizira kutsogolo, ndinaganizira kumbuyo, ndinaganizira mthunzi wa m'mphepete mwa bowo, koma sindinaganizire kuti penapake m'nyumbamo muli chikopa cha ng'ombe imene inafa kalekale, chimene sichinamvepo za ine.

Anazimitsa magetsi. Adadi anagoneka tsambalo pa kathabwa, n'kuyatsa. Chikopa chinayaka mofiira ngati chikhatho ukachiika pa tochi, timitsempha ta ng'ombeyo tikuoneka, zilembo za kutsogolo ndi za kumbuyo zitalowana. Chinali chinthu chokongola. Nyenyezi munalibe.

Adadi analitembenuza pang'onopang'ono. Palibe. Abwana anafunsa ngati wa kosungira sanalakwitse bokosi. Ansembe anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza chikopa, n'kuwerenga mzere woyamba, n'kunena kuti ayi, ndi lomweli. Onse ankayang'ana tsambalo. Adadi okha ankayang'ana ine, nkhope yawo itawalitsidwa kuchokera pansi.

"Iwe," anatero m'Chichewa. "Tsiku lija unati ulibe njala, manja ako anali kuti?"

Anaiwala kuti m'chipindamo tinalimo atatu akumva Chichewa. Ansembe anaweramuka n'kutembenuka. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire ngati akufuna, ndinaseka. Zinali zitaunjikana sabata yonse, zinangotuluka zokha, m'mphuno momwe.

Magetsi atayaka abwana sanakalipe. Kukanakhala bwino akanakalipa. Anandifunsa mwachifatse kuti zithunzi zina zimene ndinazigwira ndi zingati. Ndinati nthabwala inali imodzi yokha. Anafunsa kuti iwo adziwa bwanji. Anati munthu wa ku Switzerland sadzabwera ku Dublin kudzagwira tsamba, amakhulupirira kuti chimene akuona pa sikirini ndicho chili m'bokosi, ndipo chikhulupiriro chimenecho chikachoka, zonse zimene ajambula ndi zithunzi wamba. Adadi anayankha m'Chingerezi chawo cha pa tchalitchi kuti mlandu ndi wawo, ndiwo anasiya mwana pa kompyuta. Abwana anagwedeza mutu n'kukwera masitepe, pang'onopang'ono tsopano, kukaimbanso mafoni aja.

Ansembe anali atakhala pansi, manja pa mawondo.

"Kumbuyo komwe unaboola?" anafunsa.

"Eya, Abambo."

"Motembenuza?"

"Eya."

"Mfiti iwe."

Anavala jasi lawo lonyowa n'kupita kukadikira sitima, nthawi isanakwane.

Masabata amene anatsala pa kontrakiti adadi anawathera kujambulanso tsamba lililonse limene linadutsa m'manja mwanga. Onse anapezeka abwinobwino, monga ndinanenera, koma palibe anandithokoza. Kunyumba ankafika, kudya, kugona. Nyimbo ija sinamvekenso. Kontrakiti sinawonjezeredwe. Abwana anati si chifukwa cha nankafumbwe, ndalama zadulidwa ponseponse. Amami amanena zina. Ine ndili mbali ya abwana. Anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito chaka chimenecho popanda nankafumbwe aliyense, ndipo nyumba za kuseri kwathu sindine ndinazisiya zopanda mawindo.

Adadi ananyamuka m'nyengo yozizira, ndi sutikesi yomwe anabwera nayo. Anati ndi miyezi yochepa chabe, zinthu zikasintha abweranso. Ku eyapoti amami anawakonza kolala kawiri konse ngakhale inali yowongoka kale. Masiku ano timawaona Lamlungu masana. Amami amaika laputopu pa tebulo, pamalo pomwe ankakhala, ndipo netiweki ya ku Zomba ikavuta nkhope yawo imauma pakamwa pali yasa, ife n'kumadikira ndi masupuni m'manja. Abwana aja akanaona akanati banja lathu lalumikizidwa bwinobwino. Buku la ku Switzerland nalo lili pa intaneti, aliyense akhoza kulitsegula. Tsamba la ansembe lili palokha, pansi pake atalemba kuti mwina n'lochokera m'buku lomwelo. Mwina.

Chilango anachilengeza adadi asananyamuke. Sanandimenye, kuno zimenezo zimabweretsa alendo a boma pakhomo, komanso si khalidwe lawo. Anati Loweruka lililonse ndizikwera sitima kupita ku Skerries, ndikachite chilichonse chimene ansembe anene, mpaka iwo eni atanena kuti basi.

Loweruka loyamba ndinapita ndikuyembekeza kugwada pa miyala kapena kukolopa tchalitchi. Ndinawapeza m'kachipinda kawo koyang'ana kudoko, bulangete pa miyendo. Kulaibulale anali atasiya kupita, pulojekiti itatha panalibenso chokachita. Maso awo analidi akufooka, apa sananame. Anandipatsa nyuzipepala kuti ndiwawerengere, nkhani zokhazokha za mafakitale otseka ndi achinyamata okwera ndege. Ndili mkati mowerenga ndinakweza maso, n'kuona pakhoma, pambali pa mtanda, chithunzi chosindikizidwa cha tsamba lawo. Osati chenichenicho. Changa, cha mabowo atatu.

"Mwachisungiranji, Abambo?"

"Kwa masiku awiri ndinali ndi umboni," anatero. "Akatswiri onse aja sanandipatseko ngakhale ola limodzi. Werenga, usandiyang'ane."

Chilango chake n'chimenecho. Ndimawerenga nyuzipepala, ndimawagwira mkono tikamayenda kudoko mphepo ikutimenya, iwo n'kumandikonza Chichewa. Amayi ophika kumeneko amandisungira mabisiketi a chokoleti. Tikiti ya sitima amagula amami, akung'ung'udza. Anzanga Loweruka amangozungulira pa shopping centre opanda chogula, ine ndimaona nyanja ulele.

Nthawi yonyamuka ikakwana amandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundigwira phewa ngati tili m'kanyumba kolapira.

"Iwe mnyamata, walapa?"

"Ayi, Abambo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Bowo lachitatu lija ndikanalikweza pang'ono. Koma kulapa ayi."

"Chabwino. Ndiye ubwerenso Loweruka. Ndipo ubweretse ambulera, mfiti iwe, wanyowetsa mpando wanga."